Kuyanjana ndi Mulungu: zoyenera kuchita mtima ukamakana kukhala m'malo

Muno mu Blantyre muli anthu ambiri osajomba kutchalitchi, opereka chakhumi mokhulupirika, ena oimba kwaya kumene, koma ikamakwana 2 koloko usiku amakhala ali maso, akudzifunsa ngati Mulungu amawawerengerabe ngati ana ake. Ena apita kutsogolo kukapemphereredwa kambirimbiri. Ena akwera phiri la Soche kapena la Ndirande, kusala kudya masiku atatu, n'kutsika mtima uli myaa. Koma pofika Lachiwiri, ali mu minibasi ya ku Limbe, chimtolo chija chabwereranso pamutu. Ndakhala ndikucheza ndi anthu otere pa mlaga wathu, kagulu ka mapemphero ka m'dera lathu, kwa zaka zambiri, ndipo inenso ndinachisenza chimtolochi nthawi yaitali ndisanadziwe potula.

Ambirife timaphonya apa: timasakasaka kumva bwino mumtima, mlandu weniweni tisanaukhalire pansi. Kumudzi anthu awiri akayambana, mtendere subwera chifukwa choti mmodzi wagona tulo tabwino. Umabwera nkhani ikakambidwa pabwalo, wolakwa wavomera, cholipa chalipidwa, awiriwo n'kudyera mbale imodzi. Tulo timabwera pambuyo. Malangizo awa atsata ndondomeko imeneyo.

## Zofunika kukhala nazo

Baibulo la m'chinenero chimene mumalirira mukapsinjika. Ambirife tinakulira Buku Lopatulika la 1922, koma Chinyanja chake n'chakale. Ngati mawu ena akukuzunguzani, Buku Loyera la 1998 n'losavuta kumva. Akatolika ambiri ali ndi Malembo Oyera. Lililonse ligwira ntchito. La pafoni lilinso bwino, kungoti pafoni pomwepo pali WhatsApp, ndiye ngati la pepala lilipo tengani limenelo.

Kope yatsopano ndi cholembera. Machesi.

Ola limodzi lathunthu la tsiku loyamba, kenako mphindi 15 tsiku lililonse.

Malo oti mukhale nokha. Ndikudziwa kuti m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Mbayani kapena ku Zingwangwa malo otere ndi osowa. Dzukani ana asanadzuke, kapena pemphani kulowa m'tchalitchi chanu masana pakati pa sabata. Ngati mwasankha kukwera phiri, monga ku Njira ya Mtanda ya ku Michiru, pitani masana ndipo musapite nokha. Mnzanuyo akhale chapatali pamene mukupemphera.

Mkhristu mmodzi wokhwima ndi wosunga chinsinsi: abusa, bambo mfumu, mkulu wa mpingo, kapena mayi wa Mvano amene mukudziwa kuti pakamwa pake sipatayikira. Amayi asankhe mayi mnzawo, abambo bambo mnzawo.

## Sitepe 1: Dziwani chimene chikukusowetsani mtendere

Tsegulani kope, lembani pamwamba kuti "Chikundisowetsa tulo n'chiyani?" ndipo yankhani mosadzinamiza. Mayankho amagwa m'magulu atatu. Pali chikumbumtima chotsutsa chifukwa cha zimene munachita. Pali nkhawa ya za moyo uno: lendi, fizi, ngongole ya katapira, ntchito yatha. Ndipo pali matenda a maganizo, pamene chilichonse chaleka kukoma, chakudya sichikulowa, misozi ikungotuluka kwa masabata popanda chifukwa chooneka.

Chenjezo: musasakanize magulu atatuwa. Munthu amene akudwala maganizo akamangouzidwa kuti alape, amamira kwambiri. Mneneri Eliya atafooka mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo anayamba wamupatsa chakudya ndi madzi n'kumulola kugona. Ngati maganizo odzipha akukubwererani, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite naye kuchipatala chapafupi kapena ku Queen Elizabeth. Kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro.

## Sitepe 2: Werengani zimene Mulungu anachita kale

Musanayambe kuchita kanthu, werengani ndime zitatu izi mokweza ndi modekha: Aroma 5:1-11, 2 Akorinto 5:18-21, ndi Luka 15:11-32.

Pa Aroma 5, Paulo akunena kuti amene ayesedwa olungama ndi chikhulupiriro ali pa mtendere ndi Mulungu kudzera mwa Yesu Khristu. Onani nthawi imene akuti Khristu anatifera: tikadali ofooka, tikadali ochimwa, tikadali adani. Sanadikire kuti tiyambe tasintha. Pa 2 Akorinto 5 woyambitsa chiyanjano ndi Mulungu mwini. Kwathu kuno wolakwa ndiye amafuna mkhalapakati, amagwira nkhuku kapena mbuzi kukapepesa. Pano wolakwiridwa ndiye watuma mkhalapakati, ndipo cholipa watulutsa yekha. Palibe bwalo la mfumu limene linaweruzapo mlandu motere, n'chifukwa chake mitima yathu imavutika kukhulupirira.

Mukafika pa fanizo la mwana wolowerera la pa Luka 15, onetsetsani chinthu chimodzi. Mnyamatayo anakonza mawu ali m'njira, ndipo ena mwa mawuwo anali opempha kuti alembedwe ntchito ngati waganyu. Ankafuna kubweza pang'onopang'ono ndi thukuta lake. Bambo ake anamuona akadali patali, anathamanga, ndipo mawu a ganyu aja mwanayo sanafike powanena n'komwe, mkanjo ndi mphete zinali zitaitanitsidwa kale. Akhristu ambiri amene ndimacheza nawo akukhala m'nyumba ya Atate ngati aganyu. Amawerenga masiku amene asala kudya ngati akuwerenga mizere imene apalira, ndipo madzulo amadzifunsa ngati yakwana. Waganyu sakhala ndi mtendere, chifukwa sadziwa ngati mawa adzamufunanso.

Chenjezo: musathamangire ku sitepe 3 izi zisanakhazikike. Wolapa asanamve za chifundo cha Mulungu amalapa mwamantha, ndipo amabisa theka. Ngati pafunika masiku atatu mukubwereza ndime zomwezi, bwerezani.

## Sitepe 3: Ululani, ndipo tchulani zinthu ndi mayina ake

Pemphero loti "mutikhululukire machimo athu odziwa ndi osadziwa" ndi labwino pagulu, koma panokha limasanduka pobisalira. Tengani tsamba lina la kope, pemphani Mulungu akuunikireni monga Davide anapemphera kumapeto kwa Salimo 139, kenako lembani. Osalemba kuti "ndinalakwitsa pa zachuma". Lembani kuti "ndinaba ndalama za banki m'khonde n'kunamizira kuti zinasowa". Osalemba kuti "ndinafooka". Lembani kuti "ndili ndi chibwenzi chamseri". Sikelo yokhotetsa kumsika, malisiti abodza kuntchito, chithumwa chili m'chiuno kapena pansi pa matiresi, miseche imene inapasula banja la mnzanu, mwana amene munamukana: zonse zilembedwe.

Mukatha, werengani Salimo 32 ndi Salimo 51. Davide akuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndi kubuula tsiku lonse. Akuluakulu anati wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo Miyambo 28:13 ikunena zofanana: wobisa machimo ake zinthu sizimuyendera, koma wovomereza n'kuwasiya amalandira chifundo. Tsopano gwadani, werengani zimene mwalemba pamaso pa Mulungu chimodzichimodzi, ndi mawu omveka m'makutu mwanu. Pemphero lisakhale lokometsera. Wokhometsa msonkho wa pa Luka 18 anangodziguguda pachifuwa n'kupempha chifundo, ndipo Yesu anati ndi iyeyo amene anabwerera kwawo wolungamitsidwa.

Ngati simunadziperekepo kwa Khristu, nthawi yake ndi ino. Muuzeni kuti mukudalira imfa yake ndi kuuka kwake, osati ntchito zanu, ndipo mukufuna akhale Mbuye wanu. Ngati ndinu Mkatolika, zimene mwalembazi zikuthandizeni kukonzekera sakramenti la kulapa kwa bambo mfumu. Enafe tili ndi Yakobo 5:16, imene imatiuza kuti tiziululirana machimo ndi kupemphererana. Tchimo limene lakumangani zaka zambiri likambeni ndi munthu wokhwima uja.

Chenjezo: mawu oti "koma" achotseni. "Ndinamumenya, koma iyenso anandiyamba" si kulapa, ndi kudziteteza. Chenjezo lina: musaulule pagulu nkhani zotchula anthu ena mayina, kaya pa umboni wa kutchalitchi kaya pa gulu la WhatsApp. Mukhoza kupepukidwa inu n'kuwononga moyo wa wina.

## Sitepe 4: Landirani chikhululukiro ngati nkhani yotha

Werengani 1 Yohane 1:9 ndi Aroma 8:1. Lonjezo n'lakuti tikavomereza machimo athu, Mulungu ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira, ndipo palibe kutsutsidwa kwa amene ali mwa Khristu Yesu. Lembani m'kope deti la lero ndi mavesi awiriwa. Kenako chongani zinthu zimene zikufunika kubweza kapena kupepesa kwa munthu, muzikopere patsamba lina. Tsamba la machimo lija ling'ambeni, mulitenthe pa mbaula. Moto wa mbaula sukhululukira munthu ayi. Mukulitentha kuti wina asaliwerenge, komanso kuti inuyo muleke kulisunga.

Chenjezo: mwina simumva chilichonse. Ena amalira, ena amangodzuka n'kukatunga madzi. Ngongole ikalipidwa kugolosale, dzina lanu limafufutidwa m'buku, kaya inu mukumva kukoma kaya mutu ukukupwetekani. Chikumbumtima chikadzakuutsani usiku ndi nkhani yomweyo, tsegulani pa deti lija, werengani vesi, thokozani, gonani.

## Sitepe 5: Bwezani ndi kupepesa

Apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera, ndipo ine ndikuona kuti n'chifukwa chake mtendere wawo sukhalitsa. Yesu ananena pa Mateyu 5:23-24 kuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Pa Luka 19, Zakeyu wokhometsa msonkho atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Kubweza sikugula chikhululukiro, chikhululukiro mwalandira kale. Koma munthu sangakhale pamtendere ndi Atate uku akudya za mwana wawo wina.

Ine zinandichitikira motere. Ndinabwereka K80,000 kwa alamu anga a ku Bangwe kuti ndiyambe geni ya kaunjika. Geniyo inagwa. M'malo mokawauza, ndinayamba kuwazemba. Zaka zitatu zinadutsa. Tikakumana pamaliro tinkapatsana moni ngati palibe kanthu, ine n'kupeza chifukwa chochokera msanga. Nthawi yonseyo ndinkadya Mgonero, ndinkalalikira pa mlaga, ndipo tchimoli ndinaliulula kwa Mulungu kosawerengeka. Mtendere sunabwere. Loweruka lina ndinakwera minibasi ndili ndi K10,000 yokha m'thumba. Nditakhala pansi ndinati, "Alamu, ndabwera ndi manyazi. Ndalama zanu zija ndinaziwononga, ndipo ndakhala ndikukuthawani. Landirani kochepaka, yotsalayo ndizibweretsa mwezi ndi mwezi." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Alamu, ndalama sizimandiwawa kwambiri. Chimandiwawa n'choti munasiya kuponda pakhomo pano, ana mpaka amafunsa ngati tinayambana." Ndinamaliza kubweza patatha miyezi isanu ndi iwiri, koma tulo ndinayamba kugona usiku wa Loweruka lomwelo.

Kachitidwe kake ndi aka. Yambani ndi nkhani imene mukuiopa kwambiri. Pitani nokha pamaso, osatumiza uthenga pafoni. Ngati nkhaniyo ndi yaikulu tengani mkulu wa mpingo kapena ankhoswe. Nenani chimene munachita, pepesani, nenani mmene mubwezere ndi liti. Lonjezani zimene mungathe, ngakhale K2,000 pamwezi. Ngati mwiniwake anamwalira, Numeri 5:6-8 ikusonyeza kuti zobweza zipite kwa wachibale wake, ndiye funani ana ake kapena mkazi wamasiye.

Chenjezo loyamba: mwina sakulandirani. Aroma 12:18 ikuti tikhale pamtendere ndi anthu onse ngati n'kotheka, monga momwe ife tingathere. Mukachita mbali yanu moona, yotsalayo si yanu. Chenjezo lachiwiri: pali nkhani zina, monga za chigololo kapena zokhudza malamulo a dziko, zimene mukaziulula mosaganiza zimavulaza anthu osalakwa. Musazikwirire, koma yambani mwakhala pansi ndi abusa kuti muone nthawi, malo ndi anthu oyenera kukhalapo.

## Sitepe 6: Masulani amene anakulakwirani

Werengani Mateyu 18:21-35. Kapolo wina anakhululukidwa ngongole ya matalente 10,000, ndalama zoti sakanabweza moyo wake wonse, koma anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100, malipiro a masiku 100 a waganyu. Lembani mayina a anthu amene mukawaona mtima umawira. Pa dzina lililonse muuzeni Mulungu chimene munthuyo anachita, mosachepetsa, kenako nenani kuti mwasiya kufuna kubwezera ndipo mlanduwo mwaupereka m'manja mwake. Mawa mkwiyo ukabwerera, nenaninso. Mabala ena amatenga miyezi.

Chenjezo: kukhululuka si kubwerera kukamenyedwa. Mayi amene akuchitiridwa nkhanza akhoza kukhululuka uku akukanena ku Victim Support Unit ya apolisi. Wamasiye amene achibale a mwamuna anamulanda nyumba akhoza kukhululuka uku akutsata chilungamo, poti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda kotere. Wina asakuuzeni kuti mkhristu weniweni amangopirira.

## Sitepe 7: Sungani mtenderewo tsiku ndi tsiku

Mphindi 15 zija zigaweni chonchi. Werengani mutu umodzi wa Uthenga Wabwino wa Yohane. Uli ndi mitu 21, ndiye mutha m'masabata atatu, kenako pitani kwa Marko. Mukatha kuwerenga, tengani nkhawa za gulu lachiwiri lija, lendi, fizi, ntchito, muzitchule chimodzichimodzi pamaso pa Mulungu pamodzi ndi zinthu zitatu zothokoza. Umu ndi mmene Afilipi 4:6-7 ikulangizira, ndipo amene analemba mawuwo anali m'ndende. Madzulo musanagone yang'anani tsiku lanu. Ngati pali cholakwa chiululeni pomwepo, chisagone.

Mutu umodzi susenza denga. Lowani mlaga, mphakati kapena kagulu ka mapemphero ka m'dera lanu, kumene anthu angazindikire mukajomba. Ngati munaimitsidwa kudya Mgonero ndipo manyazi akukulepheretsani kubwerera, pitani kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu sabata ino mukafunse njira yobwerera. Ambiri a iwo akhala akukudikirani.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kugula mtendere. Madzi a m'botolo, mafuta, zomata pagalimoto, ndalama ya "mbewu" yoti mneneri akuonereni zam'tsogolo. Ndaona amayi akugulitsa kapito yense wa geni kuti akaonane ndi munthu wa Mulungu payekha, n'kubwerako ali ndi mantha oposa amene anapita nawo, atauzidwa kuti apongozi awo ndi mfiti. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo Petro anamudzudzula mwamphamvu kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Aliyense amene akukuikirani mtengo pa chimene Khristu analipira kale, muchokereni.

Kuona tsoka lililonse ngati mkwiyo wa Mulungu. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe, ndinamva anthu ena akunena kuti chinali chilango. Mawu amenewo anabaya anamfedwa kachiwiri. Yesu anayankha kale maganizo otere pa Luka 13: anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Ndipo pa Yohane 16:33 sanabise kuti m'dziko lino tidzaona masautso. Munthu akhoza kukhala pamtendere ndi Mulungu ali m'kampu ya anthu osowa pokhala, akulira. Salimo 88 ndi pemphero la munthu wotere, ndipo lili m'Baibulo.

Kuyenda njira ziwiri. Lamulungu kutchalitchi, Lachitatu kwa sing'anga kukatsirika nyumba kapena geni. Anthu amachita izi chifukwa cha mantha, ndipo mankhwalawo amabwera ndi zizimba ndi malamulo amene amawonjezera manthawo. Ngati muli nazo zinthu zotere, itanani abusa ndi akulu a mpingo mudzazichotse pamodzi.

Kudikira kuti muyambe mwakonzeka. "Ndikasiya mowa ndidzabwera." Wodwala sadikira kuchira kuti apite kuchipatala.

Kusamukasamuka mipingo. Mu Blantyre mipingo ili paliponse, m'makalasi a sukulu ndi m'maholo momwe, ndiye n'kosavuta kuthawa nkhani ya sitepe 5 posamukira kumene sakukudziwani. Nkhaniyo imakwera nanu minibasi yomweyo.

Kusiya mankhwala pofuna kusonyeza chikhulupiriro. Ma ARV, mankhwala a shuga, a BP, a khunyu, a maganizo: pitirizani kumwa monga anakuuzirani kuchipatala. Tataya abale okondedwa chifukwa chouzidwa kuti achira ndipo ataye mabotolo. Ngati mukukhulupirira kuti Mulungu wakuchiritsani, kayezetseni, adokotala anene okha.

Kutaya mtima mukagwanso. Izi zichitika, mwina sabata yomweyi. Ambiri akagwa amati zonse zija zinali zabodza, amasiya kupemphera mwezi wathunthu podikira kuti manyazi athe, ndipo m'mwezi umenewo amagwa kakhumi. Werengani 1 Yohane 2:1-2: wina akachimwa, tili nayo Nkhoswe kwa Atate, Yesu Khristu wolungama. Bwererani pa sitepe 3 tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, imbirani foni munthu wokhwima uja mumuuze zimene zachitika, ndipo muone pamodzi chimene chinakukokerani. Ngati ndi nambala ya pafoni, ifufuteni ali pomwepo. Ngati ndi njira yodutsa pa bala pochokera kuntchito, mawa tsikirani pa siteji ina.